Kalendala yapakhoma yochokera ku Remind: n'chifukwa chiyani masiku ena akusokonekera?

Wowerenga wina watilembera motere: "Akatswiri, ndine mlembi wa kabungwe ka anthu 15, ndipo kompyuta yanga ili ndi Linux. Mnzanga anandiikira pulogalamu ya Remind, ndipo kwa miyezi inayi tsopano m'mawa uliwonse ndimalemba rem n'kuona zoti ndichite tsikulo. Mpaka apa zonse zili bwino. Vuto labuka pamene anzanga apempha kalendala ya chaka chonse cha 2026 yoti tipachike pakhoma. Nditayesa, mawu anapanikizana m'timabokosi, paliponse panalembedwa today, machenjezo amene ndimalandira kutatsala masiku atatu sanaoneke, ndipo msonkhano wathu wa Lachitatu lachiwiri la mwezi unagwera pa masiku olakwika kupatula mu Epulo ndi Julayi. Nacho chilembo cha ŵ chinatuluka ngati zizindikiro zachilendo. Kodi ndaononga china chake, kapena pulogalamuyi si ya ntchito imeneyi?"

Khazikitsani mtima pansi, simunaononge kanthu. Mwachita bwinonso kufunsa musanapachike pepalalo, paja safunsa anadya phula. Remind ndi pulogalamu yakale yokhazikika yokumbutsa zochitika, analemba ndi Dianne Skoll wa ku Canada, ndipo anthu akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 30. Kupanga makalendala ndi imodzi mwa ntchito zake zenizeni. Zonse mwatchulazi ndinakumana nazo ine ndemwe ndikuyamba kumene, ndipo zambiri mwa izo gwero lake ndi limodzi.

Gwerolo ndi ili. Mukalemba rem m'mawa, pulogalamuyi imawerenga fayilo yanu ya ~/.reminders kamodzi, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pa mzere uliwonse imafunsa kuti: kodi zimenezi zikukhudza lero? Koma mukaiuza kuti ipange kalendala, imawerenga fayilo yomweyo mobwerezabwereza, kamodzi pa tsiku lililonse la mweziwo, uku ikudzinamiza kuti tsikulo ndiye lero. Januwale ndiye kuti yawerenga ka 31, chaka chonse ka 365. Chilichonse chimene chagwera pa "lero" lonamiziralo chimalowa m'bokosi la tsikulo. Mukagwira mfundo imeneyi, zodabwitsa zambiri zimasiya kudabwitsa.

Tiyambe ndi today amene wadzaza paliponseyo. Sindinaone fayilo yanu, koma ndikukhulupirira kuti muli mizere yofanana ndi uwu:

REM 5 +3 MSG Kulipira lendi ya ofesi %b

M'mawa mzerewu umagwira ntchito yokoma: 5 ndi deti la mwezi, +3 ndi chenjezo loyamba kutatsala masiku atatu, ndipo mawu a pambuyo pa MSG ndiwo uthengawo. Pa 2 umakuuzani kuti kwatsala masiku atatu, pa 4 umati mawa, pa 5 umati lero, chifukwa %b ndi malo amene Remind imaikapo mawu osonyeza kutalika kwa nthawi yotsala. Pakalendala nanga? Chikumbutsocho chimalembedwa m'bokosi la pa 5, ndipo pamene pulogalamuyo ikudzaza bokosi limenelo, kwa iyo pa 5 ndi lero. Ndiye ikulemba today mosalakwitsa. Mankhwala ake ndi kutsekera mawu amene mukufuna aoneke pakalendala pakati pa zizindikiro ziwiri za %" motere:

REM 5 +3 MSG %"Kulipira lendi ya ofesi%" %b

M'mawa muzionabe chiganizo chonse, koma pakalendala pazituluka "Kulipira lendi ya ofesi" basi. Kachizindikiro kameneka kali ndi ntchito inanso imene ine ndimaikonda kwambiri. Mukaika %"%" popanda mawu pakati, chikumbutsocho chimabwera m'mawa koma sichilowa pakalendala n'komwe. Tinthu ta tsiku ndi tsiku monga kuyankha makalata ndimatibisa choncho, apo ayi kalendala imadzaza ndi zinthu zosafunika kuonedwa ndi gulu. Mukafuna zosiyana ndi zimenezi, kuti chinthu chizioneka pakalendala pokha osakuvutitsani m'mawa, lembani CAL m'malo mwa MSG.

Machenjezo a +3 aja sanasowe chifukwa cha vuto. Opanga pulogalamuyi anawasiya dala, poganiza kuti munthu woyang'ana kalendala akuona kale ndi maso kuti pa 5 payandikira. Tangoganizani lendi italembedwa pa 2, pa 3, pa 4 ndi pa 5 mwezi uliwonse. Wina akhoza kulipira kanayi. Ngati mukuwafunabe, onjezani chilembo a, mwachitsanzo rem -ca, koma pa kalendala yoonedwa ndi anthu 15 sindingakulangizeni.

Tsopano nkhani ya msonkhano, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu amapwetekera osadziwa. Mwanena kuti masiku analondola mu Epulo ndi Julayi mokha. Zimenezi zandiuza zimene munalemba:

REM Wed 2 MSG Msonkhano wa mwezi

Munthu aliyense angaganize kuti apa alemba Lachitatu lachiwiri. Remind simva choncho. Mukaphatikiza dzina la tsiku ndi nambala, imamva kuti: Lachitatu loyamba kupezeka kuyambira pa deti limeneli kupita mtsogolo. Ndiye Wed 2 ndi Lachitatu loyamba kuyambira pa 2. Mu Januwale 2026, pa 1 ndi Lachinayi, kotero Lachitatu loyamba kuchokera pa 2 ndi pa 7, pamene inu mumafuna pa 14. Mu Epulo ndi Julayi 2026, pa 1 pomwepo ndi Lachitatu. Pulogalamuyo inalidumpha chifukwa munati iyambire pa 2, n'kukafika pa 8, limene ndi Lachitatu lachiwiri ndithu. Miyezi iwiriyo inangolondola mwamwayi.

Kuti mupeze cholondola, ganizani chonchi: Lachitatu lachiwiri silingabwere pa 8 pasanafike, ndipo silingapitirire pa 14. Choncho mulembe REM Wed 8. Loyamba ndi Wed 1, lachitatu ndi Wed 15, lachinayi ndi Wed 22. Lomaliza la mwezi ndi lovutirapo chifukwa miyezi ina imakhala ndi masiku a Lachitatu anayi, ina asanu. Njira yake ndi kupeza Lachitatu loyamba la mwezi wotsatira n'kubwerera masiku 7:

REM Wed 1 --7 MSG Lipoti la kumapeto kwa mwezi

Remind yatsopano imamvanso mawu monga Second Wed ndi Last Wed, amene ndi osavuta kuwerenga. Ine ndinazolowera manambala, ndipo amagwira ntchito ngakhale pa kompyuta yokhala ndi Remind yakale, choncho sindinasinthe.

Msampha umenewu uli ndi abale ake. REM 31 sidzaoneka mu Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala, chifukwa miyezi imeneyi ilibe 31, ndipo pulogalamuyo sikuchenjezani, imangodutsa mwakachetechete. Tsiku lomaliza la mwezi uliwonse ndi REM 1 --1, kutanthauza tsiku limodzi mwezi watsopano usanayambe. Wobadwa pa 29 Febuluwale mukamulemba REM 29 Feb muzimukumbukira kamodzi pa zaka zinayi. Lembani REM 1 Mar --1. Wina ndi wa kuiwala chaka. Mbali iliyonse ya deti imene simunalembe, Remind imaitenga kuti ndi "iliyonse". REM 10 Jun ndi pa 10 Juni chaka chilichonse mpaka kalekale. Chaka china ndinasindikiza kalendala ya gulu lathu ili ndi maphunziro amene anachitika n'kutha chaka chapitacho, chifukwa sindinalembe chaka pa mzere wake. Anthu awiri anafika m'mawa atanyamula makope awo, n'kupeza chitseko chokhoma. Manyazi ndinachita tsikulo sindidzaiwala. Kuyambira pamenepo chinthu chochitika kamodzi ndimachilemba chonse: REM 10 Jun 2026.

Zochitika pakatha milungu iwiri iliyonse zimafuna tsiku loyambira lathunthu, kenaka nyenyezi ndi nambala ya masiku:

REM 5 Jan 2026 *14 UNTIL 30 Jun 2026 MSG Kuunika mabuku a ndalama

Simunafunse za maholide, koma kalendala ya chaka chonse mudzakumana nawo basi. Lamulo la OMIT limauza Remind kuti tsiku lakuti si la ntchito. Kenaka pa chikumbutso chilichonse mumasankha chochita chikagwera pa tsiku lotero: SKIP chidumphidwe, BEFORE chibwere msanga, AFTER chisunthire kutsogolo.

OMIT 25 Dec MSG Khirisimasi
REM 25 OMIT Sat Sun BEFORE MSG Tsiku la malipiro

Mu Januwale 2026 pa 25 ndi Lamlungu, ndiye malipiro abwerera pa Lachisanu pa 23. Mu Disembala pa 25 ndi Lachisanu koma ndi holide, ndiye abwerera pa 24. Chenjerani ndi dongosolo la mizereyi. Paja fayilo imawerengedwa kuchokera pamwamba; mukaika OMIT pansi pa REM, pulogalamuyo imafika pa malipiro isanamve zoti pa 25 Disembala ndi holide, n'kuwasiya pomwepo. Maholide onse azikhala pamwamba penipeni. Onaninso kusiyana kwa chizindikiro chimodzi ndi ziwiri: -1 ndi +3 zimawerenga masiku a ntchito okha, kudumpha amene mwawachotsa ndi OMIT, pamene --1 ndi ++3 zimawerenga masiku onse. Ndiye tsiku lomaliza la ntchito m'mwezi ndi REM 1 -1 OMIT Sat Sun.

Maholide oyendayenda ngati Pasaka musamawalembe pamanja chaka ndi chaka, pulogalamuyi imadziwa kuwawerengera:

SET pasaka easterdate(year(today()))
OMIT [pasaka-2] MSG Lachisanu Loyera
REM [pasaka] MSG Pasaka

Mu 2026 izi zikupatsani pa 3 ndi pa 5 Epulo. Apa mfundo ija ya "lero" lonamizira ikukuthandizani: mukapanga kalendala yoyambira mu 2026 kukathera mu 2027, pulogalamuyo ikangolowa m'chaka chatsopano today() amasintha, ndipo Pasaka wa pa 28 Malichi 2027 amapezeka yekha. Mabulaketi amakonawo ndi malo a masamu. Zaka za munthu mungawerengere motere:

REM 14 Mar MSG %"Apampando akwanitsa zaka [year(trigdate())-1961]%" %b

Chaka chobadwacho chilembeni ngati nambala wamba monga ndachitiramu, chifukwa madeti a Remind amayambira mu 1990, ndipo deti lathunthu la m'mbuyo mwa pamenepo silandira.

Tibwere ku maonekedwe. Lamulo la rem -c limajambula kalendala ya mwezi uno pa terminal pomwepo (windo limene mumalembamo rem), ndi timizere ndi timitanda. rem -c3 ndi miyezi itatu, rem -c+2 ndi milungu iwiri, -m imayambitsa mlungu Lolemba m'malo mwa Lamlungu, ndipo -b1 imalemba nthawi ngati 14:00 m'malo mwa 2:00pm. Kupanikizana kwa mawu kunachitika chifukwa cha m'lifupi. Zilembo 80 mukazigawa m'masiku 7, bokosi lililonse limatsala ndi malo a zilembo pafupifupi 10, ndipo mawu athu ndi aatali; "Msonkhano" yekha watenga kale 9. Mukhoza kukulitsa ndi -w140, ndipo -cu imajambula mizere yosalala bwino. Koma kalendala imeneyi ndi yoyang'ana pa sikirini. Yopachika pakhoma ili ndi njira yake.

Remind payokha sijambula tsamba lokongola. Imatulutsa mndandanda wa masiku ndi zochitika, n'kuupereka kwa pulogalamu ina yojambula. Zilipo zitatu zimene zimabwera nayo: rem2ps, rem2pdf ndi rem2html. Pa Debian ndi Ubuntu zatsopano mungafunike kuika phukusi la remind-tools kuti muzipeze. Ya chaka chonse ndi mzere umodzi uwu:

rem -pp12 Jan 2026 | rem2pdf -l -e -mA4 > kalendala2026.pdf

Kumanzere mukuti miyezi 12 kuyambira Januwale 2026. Kamzere koimirira kaja kamatenga zotuluka kumanzere n'kuzithira mu pulogalamu ya kumanja. -l imagoneka pepala chopingasa, zimene zimapatsa mawu malo ambiri. -e imatambasula kalendala kuti idzaze tsamba lonse. -mA4 ndi kukula kwa pepala. Musaiwale yomalizayi. Mapulogalamuwa kawirikawiri amayambira pa pepala la Letter, la mamilimita 216 ndi 279, pamene A4 ndi 210 ndi 297. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa mpaka pulinta itadula m'mphepete mwa tsamba.

Za ŵ, ndikuganiza kuti munagwiritsa ntchito rem2ps. Imeneyi ndi yakale, imatulutsa PostScript, ndipo zilembo zachilendo zimene imatha kusamala ndi za m'gulu la ISO 8859-1, za zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. M'gulu limenelo ŵ mulibe. Fayilo yanu inasungidwa mu UTF-8, njira yosungira zilembo mmene ŵ amatenga mabayiti awiri, ndiye rem2ps inawerenga bayiti iliyonse payokha n'kutulutsa zinyalala munaonazo. rem2pdf imajambula kudzera mu Pango ndi Cairo, ndipo UTF-8 imaimva bwinobwino, bola fonti imene ikugwiritsa ntchito ikhale ndi chilembocho. Masiku ano sindiona chifukwa choyambira ndi rem2ps pokhapokha ngati kompyuta yanu ilibe inayo. Zikatero, njira yachidule ndi rem2html: ipatseni zotuluka za -pp, tsegulani tsambalo pa burawuza, n'kupulinta kuchokera pamenepo. Dziwaninso kuti mawu olamulira monga REM, Wed ndi Jan amakhala m'Chingerezi, koma zonse zobwera pambuyo pa MSG ndi zanu, lembani m'chinenero chilichonse.

Kalendala yapakhoma imawerengedwa munthu ataima patali, choncho kukongoletsa pang'ono kumathandiza:

REM Sat Sun SPECIAL SHADE 230
REM Wed 8 SPECIAL COLOR 200 0 0 Msonkhano wa mwezi
REM [moondate(2)] SPECIAL MOON 2

Woyamba ukupaka Loweruka ndi Lamlungu utoto wotuwa pang'ono. Nambalayo imayambira 0, wakuda bii, kufika 255, woyera mbee. Wachiwiri ukulemba msonkhano ndi zilembo zofiira. Wachitatu ukuika kachithunzi ka mwezi wathunthu pa tsiku lake. Kamwezi kameneka palibe amene anandipemphapo, koma chaka chimene ndinakachotsa anthu anafunsa kuti kapita kuti.

Pali ngozi imodzi imene simunaitchule koma ikundidetsa nkhawa. Mwakhala mukugwiritsa ntchito fayiloyi nokha kwa miyezi inayi. Ndithu muli zanu zachinsinsi: tsiku lokaonana ndi dokotala, ngongole, nkhani za kunyumba. Lamulo ndalemba pamwambapa litenga zonsezo n'kuzipachika pakhoma. Gawani zinthu zanu m'mafayilo atatu: maholide.rem, ntchito.rem ndi zanga.rem. Pamwamba pa ntchito.rem ikani mzere uwu, woitana fayilo ya maholide:

INCLUDE [filedir()]/maholide.rem

Ndiye posindikiza ya gulu mulembe remind -pp12 ntchito.rem Jan 2026 m'malo mwa rem, popeza rem imapita yokha ku ~/.reminders pamene remind mumaiuza fayilo yoti iwerenge. Mu ~/.reminders muikemo mizere ya INCLUDE yoitana ntchito.rem ndi zanga.rem, ndipo m'mawa muziona zonse monga kale.

Musanapulinte, yesani kaye. Ine sindikhulupirira mzere uliwonse umene ndangoulemba kumene mpaka nditaona masiku ake ndi maso:

remind -s12 ntchito.rem Jan 2026 | grep Msonkhano

Izi zitulutsa mizere 12 yokhala ndi mawu akuti Msonkhano, uliwonse ukuyamba ndi deti: 2026/01/14, 2026/02/11, 2026/03/11, mpaka Disembala. Tengani kalendala ya pafoni muyerekeze. Mukanachita zimenezi poyamba paja, 2026/01/07 akanakugundani m'maso nthawi yomweyo. rem -n imakuonetsani tsiku lotsatira la chikumbutso chilichonse, ndipo rem 24 Dec 2026 imakuonetsani zimene mudzaone m'mawa wa tsikulo. Pa terminal pakatuluka uthenga wokhala ndi dzina la fayilo ndi nambala ya mzere, musaunyalanyaze ngakhale PDF itatuluka yooneka bwino. Mzere wolakwikawo wadumphidwa, ndipo chochitika chake palibe papepalapo. Kawirikawiri wolakwa amakhala bulaketi yamakona kapena chizindikiro cha % chimene mwachilemba ngati mawu wamba. Mukafuna kulemba 10% lembani 10%%.

Wina akakupatsani fayilo yake ya Remind, monga mndandanda wa maholide, iwerengeni musanaiike. Kuwonjezera pa MSG ndi CAL pali RUN, imene imayendetsa lamulo lililonse pa kompyuta yanu ngati kuti mwalilemba ndinu. Poyesa fayilo yachilendo onjezani -r, imene imatseka zimenezi.

Pali malire amene ndi bwino kuwadziwiratu. Pepala likapachikidwa silisintha. Msonkhano ukasuntha muyenera kukonza fayilo n'kupulintanso tsamba la mweziwo. N'chifukwa chake ine ndimapulinta miyezi itatu itatu, ya chaka chonse ndimangoisunga ngati PDF. Ndipo ngati anzanu 15 aja ayamba kufuna kuti aliyense azilowetsa zake kuchokera pafoni, Remind payokha si chida cha zimenezo, chifukwa ndi fayilo imodzi ya munthu mmodzi. Pali timapulogalamu tosinthira pakati pa Remind ndi iCalendar, mtundu umene mafoni amamva, monga rem2ics ndi ical2rem, koma kukonza kuti ziziyenda zokha popanda kusokoneza maola ndi ntchito yoti mukhale pansi ndi munthu wodziwa bwino Linux. Mnzanu amene anakuikirani pulogalamuyi ndi poyambira pabwino.

Mupitenso kwa iye mukafika pa malamulo opiringizika, monga "Lachisanu lomaliza la mwezi wachitatu uliwonse, pokhapokha ngati mlungu umenewo muli holide". Zotere zimatheka ndi SATISFY, imene imayesa masiku limodzilimodzi mpaka itapeza lokwaniritsa zimene mwanena, koma n'kosavuta kulemba chinthu cholondola chaka chino n'kulakwika chaka chamawa. Buku lake lili kale pa kompyuta yanu, lembani man remind. Ndi lalitali zedi, musaliwerenge lonse. Dinani / n'kulemba mawu amene mukufuna, monga SATISFY kapena CALENDAR MODE. Ngati rem2pdf ikukana kuyamba n'kumadandaula za Perl, Cairo kapena Pango, vuto lili pa zimene zinaikidwa pa kompyutayo, osati mu fayilo yanu, ndipo limenelo ndi lopita nalo kwa woyang'anira makompyuta anu. Masiku amene kuphonya kwake kuli ndi chilango, monga a misonkho kapena a kukhoti, atsimikizeni ndi chikalata chenicheni musanawalembe, chifukwa Remind imawerengera bwino zimene mwaiuza, koma sidziwa ngati mwaiuza zoona.

Pakali pano sinthani Wed 2 akhale Wed 8, tsekerani mawu anu m'zizindikiro za %", chotsani zachinsinsi, ndipo muyambe mwapulinta Januwale yekha muone mmene akukhalira pakhoma musanawononge mapepala ena 11.